Mizati Imene Sitiiona: Mbiri ya Maziko Akuya

Ana inu, ndi inu aphunzitsi amene muli nao m'kalasi, nkhani yathu ya lero iri ya cinthu cimene cimabisika pansi pa nthaka. Munthu akafika mu mzinda waukulu amakweza maso kuyang'ana nyumba zosanja, nawerenga mazenera kuyambira pansi kufikira kumwamba. Ndi ocepa amene amadzifunsa kuti kodi kulemera konseku kwatsamira pa ciani.

Kumudzi funso limeneli silibvuta. Atate akafuna kumanga nyumba sapita ku dambo iai. Amasankha pa mtunda pouma, nakumba maenje, nazika nsici, natsindira dothi. Koma mizinda yambiri yochuka ya pa dziko lapansi inamangidwa pa malo amene mlimi wanzeru akadawakana: m'mbali mwa nyanja ndi pa matsiriro a mitsinje, pamene nthaka iri matope okhaokha. Anthu anakhala pamenepo cifukwa ndi pamene zombo zamalonda zinali kukoceza. Cuma citaculuka anafuna nyumba za miyala, machalichi ndi maulalo, ndipo matopewo sanali okhoza kusenza zimenezi.

Cimene cimacitika omanga akanyozera nthaka ticiona ku Pisa, m'dziko la Italy. Mu 1173 anthu a kumeneko anayamba kumanga nsanja ya mabelu ya miyala yolemera, koma maziko ace anangowakumba mamita 3, pa dongo ndi mcenga wofewa. Nchito isanafike ndi pakati pomwe, nsanja inayamba kupendekera. Anaimaliza patapita zaka pafupi 200, iri cipendekere. Mu 1990 boma linaletsa anthu kukweramo poopa kuti ingagwe, ndipo anaitsegulanso mu 2001 akatswiri atacotsa dothi pang'onopang'ono pansi pa mbali yokwera kuti nsanja iwongokeko.

Njira yopewera tsoka lotere ndiyo kulowetsa mizati yaitali m'nthaka, ndi kumanga nyumba pamwamba pa mitu ya mizatiyo. Pa Cingerezi mzati wotere amaucha pile. Ife tiziucha mzati wa pansi. Mzati wa pansi umasenza katundu mwa njira ziwiri, ndipo muzisunge bwino cifukwa nkhani yonse yatsamira pa izo. Njira yoyamba ndi yakuti mzati upyole matope onse mpaka phazi lace likaponde pa thanthwe kapena pa mcenga wolimba, monga munthu woima mu mtsinje amene mapazi ace afika pansi. Njira yaciwiri ndi yakuti phazi silifika pa cinthu colimba, koma nthaka imagwira mzati m'mbali mwace monse. Aliyense amene anatitimirapo m'dambo nayesa kuzula mwendo adziwa mmene dongo limagwirira. Mphamvu yomweyo imene imakaniza mwendo kuturuka ndiyo imakanizanso mzati kumira.

Tiyambire ku Venice, mzinda winanso wa m'Italy, umene unamangidwa pa tizisumbu ta matope m'thamanda lalikuru la madzi a mcere. Pansi pa Venice thanthwe liri kutali kwambiri, kosati n'kulifika ndi mtengo. Tsono omanga a kumeneko sanalifune konse. Anatenga mitengo yaifupi, ya mamita owerengeka cabe, imene inali kudza ndi mitsinje kucokera ku nkhalango za kumapiri, naikhomera m'matope moyandikana kwambiri, wina pafupi ndi unzace. Mtengo uli wonse polowa unali kukankha matope ndi kuwapanikiza, kotero kuti pomaliza malo onsewo anali kusanduka cinthu cimodzi colimba, ca mitengo ndi dothi. Pamwamba anali kuyala matabwa ocindikala, kenaka miyala yoyera ya ku Istria imene siimwa madzi, ndipo pamenepo m'pamene njerwa zinali kuyambira. Ulalo wochuka wa Rialto, umene Antonio da Ponte anamanga kuyambira 1588 kufikira 1591, unakhazikidwa pa mitengo pafupi 12,000. Yonseyi inakhomedwa ndi manja. Amuna anali kukweza cipika colemera ndi kucigwetsa pa mutu wa mtengo, akuyimba nyimbo kuti manja ayendere pamodzi, monga amacitira amai pa mtondo.

Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, anagwiritsanso mitengo, koma nzeru yace inali ina. Pamwamba pa nthaka ya kumeneko pali dothi lakuda la zomera zoola, lodzala madzi, ndi dongo lofewa, zimene ngakhale muzipanikize cotani sizilimba. Koma pa mamita pafupi 12 kapena 13 pansi pali mcenga wolimba. Cotero Adachi anafuna mitengo yaitali ndi yoongoka, yambiri yocokera ku maiko a kumpoto, naikhoma kufikira itaponda pa mcenga umenewo. Mu 1648 anayamba kumanga nyumba ya akuru a mzinda, imene Jacob van Campen analinganiza, ndipo pambuyo pace inasanduka nyumba ya mfumu. Nyumba imeneyi iima pa mitengo 13,659. Ana a sukulu a ku Netherlands ali ndi njira yokumbukira nambala imeneyi: amalemba masiku a m'caka, 365, naika 1 patsogolo ndi 9 pambuyo. Yesani kulemba pa bolodi muone.

Taonani tsono: mizinda iwiri, yonse ya pa madzi, yonse yogwiritsa mitengo, koma wina unasankha mitengo yaifupi yothithikana, wina mitengo yaitali yofika pansi. Sikuti a ku Venice anali ocenjera kuposa a ku Amsterdam, kapena kuti awa anaposa awo. Anasiyana cifukwa zimene zinali pansi pa mapazi ao zinali zosiyana.

Mwina wina wa inu wadabwa kale. Nsici ya nyumba ya kumudzi siikhalitsa. Zaka zowerengeka cabe yabvunda m'tsinde, kapena ciswe caidya. Nanga mitengo ya ku Venice yakhala bwanji zaka mazana ambiri? Yankho lace ndi mpweya. Tizilombo ndi nkhungu zimene zimaoletsa mtengo msanga zimafuna cinyezi pamodzi ndi mpweya. Nsici imabvunda pamene yakhudzana ndi nthaka ya pamwamba cifukwa pamenepo zonse ziwiri ziripo. Mtengo umene wamira kotheratu m'matope a madzi susowa cinyezi, koma mpweya sufikako, ndipo kuola kwace kumayenda pang'onopang'ono kwambiri. Pa 14 July 1902 nsanja yaikuru ya mabelu ya St Mark ku Venice inagwa yonse m'mawa umodzi. Anthu atafukula maziko ace anapeza kuti mitengo ya pansi, imene inakhala m'matope zaka mazana ambiri, inali yolimbabe. Colakwa cinali m'zipupa za pamwamba. Pomanganso anaisiya mitengo yakaleyo m'malo mwace, naonjezera ina m'mbali, ndipo nsanja yatsopano inatha mu 1912.

Koma mtengo uli ndi lamulo limodzi losati n'kuliswa: mutu wace usaturuke m'madzi. Anthu a ku Boston, ku America, analiphunzira lamuloli mowawa. Cigawo ca mzinda wao cochedwa Back Bay cinamangidwa pa malo amene anacita kukwirira, ndipo nyumba zace ziima pa mitengo. Mu 1929 m'nyumba yaikuru yosungira mabuku ya mzindawo munaoneka ming'alu. Atakumba anapeza kuti madzi a pansi pa nthaka anali atatsika, cifukwa anali kuthawira m'mipope ya zonyansa, ndipo mitu ya mitengo yambiri inali itabvunda. Anadula mitu yoolayo naikapo citsulo ndi konkire, nchito yodya ndalama zambiri. Kufikira lero ku Boston kuli zitsime zazing'ono zoyesera madzi a pansi, kuti akayamba kutsika anthu adziwe msanga.

Kwa zaka mazana ambiri bvuto lalikuru la mizati yokhoma linali thukuta. Mtengo umodzi waukuru unali kutha tsiku lathunthu. Amene anasintha zimenezi ndi James Nasmyth wa ku Scotland, amene anapanga nyundo yoyenda ndi mphamvu ya nthunzi. Mu 1845 anatengera makina ace ku doko la Devonport ku England, kumene kunali kufunika mitengo yambirimbiri. Malinga ndi zimene iye mwini analemba, anchito a kumeneko anapangana naye mpikisano. Anasankha mitengo iwiri yofanana, yotalika mamita 21, wina wa makina a nthunzi, wina wa njira yakale. Makina anamaliza m'mphindi zinai ndi theka. Amuna a njira yakale anatha maola oposa 12. Tikumbukire kuti wosimba nkhaniyi ndiye mwini makina, ndipo munthu sanyoza katundu wace. Komabe m'zaka zocepa nyundo za nthunzi zinali kumveka pa madoko ndi pa maulalo a njanji m'maiko ambiri.

Nyundo, ngakhale ikhale yamphamvu cotani, pali malo amene siithandiza. Pa matsiriro a mitsinje ina pali milu ya mcenga yobisika m'madzi, imene zombo zambiri zinaswekerapo. Pamafunika nyumba ya nyali yocenjeza amalinyero usiku. Koma mcenga wotere umayendayenda ndi mafunde, ndipo mzati wosalala wokhomedwamo umagwedezeka, mafunde nauzula monga mmene mumazulira cikhomo ca mbuzi mvula itagwa.

Munthu amene anapeza yankho anali wakhungu. Dzina lace ndi Alexander Mitchell, wobadwira ku Dublin ku Ireland mu 1780. Maso ace anayamba kufooka ali mwana, ndipo pofika zaka za m'ma 20 sanali kuona konse. Sanakhale pansi kudandaula. Anakhala ndi nchito youmba njerwa ku Belfast zaka zambiri, ndipo ali ndi zaka zoposa 50, mu 1833, analembetsa ku boma nzeru yace yatsopano. Iye anati mzati usakhomedwe, koma upotedwe. Kunsi kwa mzati wacitsulo anaikako tsamba lalikuru lozungulira, lopindika ngati mazinga a sikuruwu imene kalipentala amalowetsa m'thabwa. Pamwamba anali kupingasapo mitengo yaitali, amuna naikankha akuzungulira, ndipo mzati unali kudziboolera wokha njira. Ukalowa, tsamba lija linali kugwira nchito ziwiri: linali phazi lotambalala loletsa mzati kumira, ndiponso linali ngati nangula woletsa mzati kuzuka.

Mu 1838 mizati isanu ndi inai yotere inapotedwa pa mcenga wa Maplin, pa matsiriro a mtsinje wa Thames, isanu ndi itatu mozungulira ndi umodzi pakati. Nyali ya pamenepo inayaka mu 1841. Ina ya mtundu womwewo, pafupi ndi Fleetwood, inayamba kuyaka caka cimodzi m'mbuyo mwace. Nyumba zimenezi zinali kuoneka ngati nkhokwe yoima pa miyendo yaitali, ndipo mafunde anali kungopita pansi pace osapeza cipupa coti amenye. Mitchell mwini anali kupita pa nyanja kukayang'anira nchito, akukhudza zitsulo ndi manja. Ndiganiza kuti nkhani ya munthu ameneyu iyenera kusimbidwa m'kalasi iri yonse mmene muli mwana amene anzace amamuyesa wosatha kanthu cifukwa ca cilema. Nyumba ya ku Maplin inagwira nchito zaka pafupi 90. Pomaliza madzi anakokolola mcenga wozungulira miyendo yace, ndipo inagwa mu 1932. Kukokolola kotere ndiye mdani wamkuru wa maziko onse a m'madzi, ndipo omanga maulalo amakuwerengera posankha kutalika kwa mizati.

Tsopano tiwoloke nyanja tipite ku Chicago, pakuti kumeneko kunacitika cinthu cimene cionetsa bwino koposa mmene omanga amasankhira njira. Mu 1871 moto waukuru unatentha pakati pa mzindawo. Pomanganso, malo anakwera mtengo, ndipo eni ace anafuna nyumba zazitali kuti kamalo kakang'ono kabale ndalama zambiri. Koma nthaka ya Chicago njonyenga. Pamwamba pali kacikhungwa kolimba, ndipo pansi pace pali dongo lofewa lakuya. Thanthwe liri pa mamita pafupi 30.

Poyamba omanga anayesa kuyandamitsa nyumba pa kacikhungwa kaja. Anali kuyala mitengo, njanji zacitsulo ndi konkire motambalala, kuti kulemera kugawike pa malo akuru, monga munthu amene amayala thabwa kuti awoloke pa matope. Anali kudziwiratu kuti nyumba idzatsika, kotero anali kuimanga mokwererapo pang'ono. Nyumba yaikuru ya masewero yochedwa Auditorium, imene Dankmar Adler ndi Louis Sullivan anamaliza mu 1889, inamangidwa motero. M'malo ena inatsika kuposa theka la mita, ndipo pansi pa zipinda zace zina mpopendekera kufikira lero. Ataona zotere, ena anatembenukira ku mizati yaitali ya mitengo, yokhomedwa ndi nyundo za nthunzi kufikira dongo louma gwa limene liri pansi pa lofewalo.

Mu 1893 Adler ndi Sullivan anayamba kumanga nyumba ya msika wa makampani, Chicago Stock Exchange, ya nsanjika 13. Anasankha mizati yokhoma. Koma ku mbali ya kumadzulo malo ao anagundana ndi nyumba ya nyuzipepala yochedwa Herald, mmene munali makina osindikizira. Nyundo ikamenya mzati nthaka yonse yozungulira imanjenjemera, ndipo kunjenjemera kumeneko kukadasokoneza makinawo ndi kuika zipupa za eni nyuzipepala pa ngozi. Kuyandamitsa nyumba ku mbali imeneyo sikukadathandizanso, pakuti mbali imodzi ikadatsika kuposa zinzace, ndipo nyumba yolemera ikamatsika imakoka ndi ya mnansi yomwe.

Amene anamasula mfundoyi anali William Sooy Smith, injiniya amene kale anali mkuru wa asilikari pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America. Uphungu wace unali wakuti ku mbali zina apitirize kukhoma, koma ku mbali ya nyuzipepala akumbe zitsime. Munthu anali kulowa ndi fosholo ndi piki, nakumba dzenje lozungulira lakuya ngati msinkhu wace. Kenaka anali kuimika matabwa m'mbali monse ndi kuwapanikiza ndi mikombero yacitsulo kuti dothi lisagumukire mkati. Atatero anali kukumbanso, naikanso matabwa, dothi likukwezedwa ndi ndowa pa cingwe, kufikira atapeza dongo louma lija. Pamenepo anali kudzaza citsime conse ndi konkire. Konkire akauma, m'nthaka munali mutaima mzati wonenepa umene sunamenyedwe ndi nyundo ngakhale kamodzi. Makina a Herald anapitiriza kusindikiza.

Onani kuti pa nyumba imodzi yomweyo panagwira njira ziwiri, ndipo cimene cinalamula sicinali nthaka yokha iai, komanso mnansi. Onaninso kuti zitsimezo zinatheka cifukwa dongo la Chicago limatha kuima kanthawi osagumuka, ndipo sililola madzi ambiri kupyola. Mukadayesa kukumba motero mu mcenga wa Maplin, dzenje likadadzala musanaike ndi thabwa limodzi lomwe. Njirayi inafala mu mzinda wonse, ndipo pambuyo pace zitsime zinayamba kufika pa thanthwe penipeni. Inali nchito yoopsya. M'dzenje lakuya mumatha kusonkhana mpweya woipa, ndipo madzi amatha kubuka mwadzidzidzi pansi pa mapazi a wokumba. Maina a olinganiza nyumba analembedwa m'mabuku, koma a okumba zitsimewo sanalembedwe kawirikawiri. Nyumba ya Stock Exchange inagwetsedwa mu 1972, ndipo khomo lace lalikuru analisunga pa bwalo la Art Institute mu mzinda womwewo.

Kuyambira nthawi imeneyo mizati ya pansi iri m'mabanja awiri akuru: yokhoma ndi yoboola. Zipangizo zinasintha. M'malo mwa mitengo kunadza konkire wokhala ndi zitsulo mkati, ndi mipope yacitsulo, zimene siziopa kutsika kwa madzi monga mtengo. M'malo mwa munthu wa fosholo kunadza makina oboola, ofanana ndi aja amaboola zitsime za mijigo koma akuru koposa. Pamene dothi liri logumuka amalowetsa cimpope coliletsa, kapena amadzaza dzenje ndi madzi osakaniza ndi dongo lapadera lochedwa bentonite, limene limakankha zipupa za dzenje kuti zisagwe. Kenaka amatsitsa zitsulo zolukidwa, nathira konkire kupyolera mu mpope kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Mzati wokhoma uli ndi ubwino umene omanga amaukonda. Umapangidwa poyera, munthu nauona ndi maso usanalowe. Ndiponso polowa umanena wokha za nthaka: kapitao amawerenga kuti nyundo yamenya kangati kuti mzati utsike pang'ono, ndipo nambala ikakwera kwambiri adziwa kuti phazi lafika polimba. Mu mcenga wotayana kukhoma kumathandizanso kuutsindira. Koma phokoso ndi kunjenjemera nzosapiririka pafupi ndi cipatala kapena nyumba zakale, ndipo mzati ukakumana ndi mwala waukuru panjira ukhoza kusweka kapena kupatuka. Mzati woboola ulibe cibvomezi cotere, ukhoza kukhala wonenepa ndi wautali monga mufunira, ndipo umatha kulowa ndi m'thanthwe momwe. Coopsya cace ncakuti umabadwira mu mdima. Ngati dothi lagumukira mu konkire ali wamuwisi, mzati umakhala ndi cilema cimene palibe anaciona. Ndico cifukwa cace amauyesa, pena poumenya ndi kanyundo ndi kumvetsera ndi makina mmene liu labwerera, pena pousenzetsa katundu woposa amene udzanyamula.

Kale zonsezi zinali kuyendera kuzolowera ndi kuyerekeza. Mu 1925 Karl Terzaghi, wobadwira ku Prague, anafalitsa buku limene linayala maziko a maphunziro a nthaka. Iye anaonetsa kuti dongo likasenzetsedwa katundu limafinyika pang'onopang'ono pamene madzi a mkati mwace akuturuka, ndi kuti kutsika kumeneku kukhoza kutenga zaka zambiri, komanso kukhoza kuwerengedwa nyumba isanamangidwe. Masiku ano injiniya asanasankhe mzati amayamba waboola timaenje tating'ono takuya, naturutsa dothi la pa msinkhu uli wonse, nakaliyesa.

Musaganize kuti pokhala ndi maphunziro amenewa ngozi inatha. Ku San Francisco nyumba ya nsanjika 58 yochedwa Millennium Tower inatha mu 2009. Mizati yace ya konkire inakhomedwa kufikira mu mcenga wolimba, koma siinafike pa thanthwe, limene liri pa mamita oposa 60, ndipo pansi pa mcengawo panali dongo lina. Mu 2016 kunamveka kuti nyumbayo yatsika masentimita pafupi 40 ndi kupendekera. Panabuka milandu yaikuru, ena akuloza cala omanga, ena akuloza nchito yokumba imene inali kucitika pafupi. Kukonza kunatha mu 2023, ataboola mizati 18 yatsopano yofika pa thanthwe. Komabe sitinganene kuti mzati uli wonse uyenera kuponda pa mwala wolimba. Burj Khalifa ya ku Dubai, yotalika mamita 828, imene inatsegulidwa mu 2010, iima pa mizati yoboola yoposa 190, uli wonse wonenepa mita ndi theka, yofika mamita pafupi 50 pansi. Miyala ya pansi pa Dubai njofewa, ndipo kulemera kwakukuru kwa nsanjayo kumagwidwa m'mbali mwa mizati, mwa njira ija ya mwendo wa m'dambo.

M'dziko lathu lino mitundu yonse ya nthaka imeneyi iripo. Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, umene unatsegulidwa mu 1905, sunafune mizati yaitali, pakuti mapazi ace anakhazikidwa pa konkire wothiridwa pa thanthwe lakuda la m'mbali mwa cigwembe. Ku cigwa ca Barotse zinthu nzosiyana kotheratu: mcenga ngwakuya, ndipo Zambezi amasefukira caka ndi caka. Mseu wa Mongu kupita ku Kalabo, umene unatsegulidwa mu 2016 ndi maulalo 26, unamangidwa pa malo amene thanthwe loti n'kupondapo pafupi palibe, ndipo madzi okokolola ali pomwepo. Lusaka nayenso ali ndi msampha wace. Mbali yaikuru ya mzindawu yakhala pa mwala wa laimu, umene madzi amausungunula pang'onopang'ono nasiya mapanga ndi nsonga. Pamalo otere cobooleramo cikhoza kugunda mwala pa mamita awiri, koma mukasuntha mapazi owerengeka osaupeza mpaka pansi kwambiri. Ndipo mwala umene mwaupezawo ukhoza kukhala denga la phanga.

Aphunzitsi, phunziro ili likhoza kucitika ndi manja pa bwalo la sukulu. Pezani ndowa ziwiri zakale. M'ndowa yoyamba ikani mwala wafulati pansi, ndi kudzaza matope ofewa pamwamba pace. M'yaciwiri dzazani dongo lokandidwa bwino, lopanda mwala. Ana asanjike njerwa pa matope popanda ciri conse, naone mmene ikumirira. Kenaka abaye timitengo tinai m'ndowa iri yonse, m'yoyamba tifike pa mwala, m'yaciwiri tilekezere pakati, naikepo kathabwa ndi kusanjika njerwa imodziimodzi, akuwerenga. Pomaliza ikani kapu yodzala madzi pambali pa ndowa, pa tebulo limodzi, mwana mmodzi akhome kamtengo ndi mwala, wina alowetse kace mocita kupota, ndipo ena onse ayang'anitsitse madzi a m'kapu. Zimene aona azilembe m'makope ao, pamodzi ndi nambala ya njerwa zimene ndowa iri yonse inasenza.